Kudya, Kulimbitsa Thupi ndi Mtendere wa Mumtima: Mafunso ndi Mayankho

Awa ndi mafunso amene amabwera mobwerezabwereza munthu akayamba kuganizira za thanzi lake. Ngati muli ndi matenda amene mukumwera mankhwala, kapena ndinu oyembekezera, mawu a dokotala amene akukuonani ndiwo ayenera kutsogola.

Malangizo a zaumoyo achuluka moti ndasokonezeka. Ndiyambire pati?

Ngati mumasuta fodya, musavutike n'kusankha: yambirani pamenepo. Palibe chakudya kapena masewera amene angabwezeretse zimene fodya akuwononga m'mapapo ndi m'mitsempha ya magazi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati fodya amapha anthu opitirira 7 miliyoni chaka chilichonse. Limatinso munthu akasiya, pakatha chaka chimodzi chiopsezo chake cha matenda a mtima chimatsika kufika pafupifupi theka la cha munthu amene akusutabe.

Ngati simusuta, sankhani chinthu chimodzi chokha, chaching'ono moti mukhoza kuchichita ngakhale tsiku limene mwaweruka mutatheratu. Chimene chimagwetsa ambiri n'kudzuka Lolemba atalumbira zinthu zisanu nthawi imodzi: shuga ayi, mowa ayi, kuthamanga mbandakucha, kugona msanga, kudya masamba okhaokha. Pofika Lachinayi mtolo walemera, ndipo akautula amautula wonse.

Mwina munamvapo kuti chizolowezi chimakhazikika pa masiku 21. Ofufuza a ku University College London, motsogoleredwa ndi Phillippa Lally, anatsatira anthu amene ankayesa zizolowezi zatsopano, ndipo zimene anafalitsa mu 2009 zinasonyeza kuti pamatenga masiku pafupifupi 66 kuti chinthu chiyambe kuchitika popanda kudzikakamiza. Ena zinawatengera masiku 18, ena mpaka 254. Anapezanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikuwononga kanthu, choncho mukajomba Lachitatu, Lachinayi pitirizani ngati palibe chachitika.

Chakudya chopatsa thanzi n'chiti kwenikweni? Aliyense akunena zake.

Amene amafuula kwambiri pa nkhaniyi nthawi zambiri amakhala ndi chogulitsa. Akatswiri a zakudya amasiyana pa tinthu ting'onoting'ono, koma pa mfundo zikuluzikulu akhala akugwirizana kwa zaka zambiri: ndiwo zamasamba ndi zipatso zambiri, nyemba ndi zinzake, mtedza, mbewu zosachotsedwa gaga, nsomba, mazira kapena nyama pang'ono, ndiye mchere, shuga ndi mafuta mosamala.

WHO imati munthu wamkulu azidya magalamu osachepera 400 a zipatso ndi ndiwo zamasamba patsiku. Poti palibe amene amaphika ali ndi sikelo m'manja, ganizirani za kudzaza dzanja lanu kasanu. Mbatata ndi chinangwa sizilowa m'chiwerengerochi, chifukwa ntchito yake m'thupi ndi yofanana ndi ya mpunga kapena buledi.

Njira yosavuta ndi kuyang'ana mbale. Theka likhale masamba, theka linalo ligawike pakati: mbali ina chakudya chopatsa mphamvu, mbali ina chomanga thupi. Mbale zambiri zimakhala motembenuza, phiri la chokhutitsa pakati, masamba kadontho pambali ngati chokongoletsera. Chimene chimasowa pa mbale yotere ndi faiba, tizigawo ta zomera timene thupi siligaya. Poti sitigayika, timachedwetsa shuga kulowa m'magazi, timapangitsa munthu kukhala wokhuta nthawi yaitali, timafewetsa chimbudzi, komanso ndi chakudya cha tizilombo tabwino ta m'matumbo. Muyezo wa munthu wamkulu ndi magalamu 25 patsiku, ndipo nyemba ndi imodzi mwa njira zachidule zofikira kumeneko.

Ndimathira mchere pang'ono chabe. Ndiye kuti ndili bwino?

Mwina ayi, chifukwa mchere wina timaudya osauona. Muyezo wa WHO ndi wosafika magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, ndipo kasupuni kameneko kakuwerengera zonse: wa mumphika, wa patebulo, ndi umene anathira kale kufakitale. Padziko lonse, munthu wamba amadya kuwirikiza kawiri kapena kuposa.

Buledi ali ndi mchere ngakhale sumveka. Soseji, za m'zitini, tchizi, tchipisi ta m'mapaketi, timibulu tokometsera ndiwo, supu wa ufa ndi sosi wa m'mabotolo n'zodzaza nawo. Mukaona pa paketi alemba kuti sodium, chulukitsani nambalayo ndi 2.5 kuti mupeze mchere weniweni.

Vuto lake n'lakuti mchere umasunga madzi m'thupi. Madzi akachuluka m'mitsempha, magazi amakankha makoma ake mwamphamvu, ndipo pakapita zaka mtima, impso ndi ubongo n'zimene zimavutika. Ubwino wake, lilime limazolowera. Mukamachepetsa pang'onopang'ono, pakatha milungu ingapo mudzadabwa kuti chakudya chimene munkachikonda chija chikuwawa mchere. Anyezi, adyo, tsabola ndi mandimu zimathandiza pa masiku oyambawo. Mchere wochepa umene mukuthirawo ukhale wa ayodini, amene amateteza ku chithokomiro komanso amafunika pa kukula kwa ubongo wa mwana. Za mchere wodula wa pinki kapena wa m'nyanja, musapusitsike: ndi mchere basi.

Shuga wochuluka bwanji ndiye wambiri? Nanga uchi ndi juwisi si zachilengedwe?

Malangizo a WHO a 2015 amati shuga wowonjezera asafike pa 10 peresenti ya mphamvu zonse zimene munthu amapeza m'chakudya patsiku. Kwa munthu wamkulu ndi magalamu pafupifupi 50, timasupuni 12, ndipo kutsika mpaka timasupuni 6 n'kwabwino koposa. Tsopano werengani nokha. Kachitini ka mamililita 330 ka chakumwa chotsekemera kamakhala ndi magalamu pafupifupi 35, timasupuni 8 kapena 9. Onjezani makapu awiri a tiyi a timasupuni titatu kapu iliyonse, mwadutsa kale malire musanadye n'komwe.

Uchi ndi juwisi amawerengedwa m'gulu lomwelo, ngakhale juwisiyo mwafinya nokha. Lalanje lathunthu mumalitafuna, faiba wake amalowa nawo, ndipo mukadya limodzi kapena awiri mumasiya. Kapu ya juwisi imameza malalanje awiri kapena atatu, mumaigugudiza pa mphindi imodzi, njala n'kukhala chikhalire. Idyani chipatsocho, ludzu liphedwe ndi madzi.

Za timapiritsi ndi zakumwa zotsekemera popanda shuga, mu 2023 WHO inalangiza kuti anthu asazidalire pofuna kuchepetsa thupi, ngakhale langizolo silinkakhudza amene ali kale ndi matenda a shuga. Ine ndinachepetsa wa mu tiyi theka la kasupuni mlungu uliwonse. Milungu iwiri yoyamba ndinkamwa mokwinya nkhope, koma lero tiyi wa timasupuni titatu sindingamumalize.

Ndiye kudya shuga n'kumene kumayambitsa matenda a shuga?

Matendawa alipo a mitundu iwiri ikuluikulu. Woyamba, umene umayamba kawirikawiri munthu akadali mwana, umabwera thupi likasiya kupanga insulini, timadzi timene timathandiza shuga kuchoka m'magazi kulowa m'thupi, ndipo suyamba chifukwa cha zimene munthu anadya. Wachiwiri, umene uli ndi anthu ambiri, umabwera thupi likasiya kumvera insulini. Akumtundu, msinkhu, kunenepa makamaka pamimba ndi kusayendayenda n'zimene zimaukoka. Shuga amalowapo chifukwa amanenepetsa mwakachetechete, makamaka wa m'zakumwa.

Mafuta ndingowasiyiratu?

Ayi. Mavitamini A, D, E ndi K salowa bwino m'thupi popanda mafuta, n'chifukwa chake timafuta pang'ono m'masamba n'tothandiza. Chofunika kudziwa n'chakuti galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9 (kalori ndi muyezo wa mphamvu ya m'chakudya), pamene ya sitachi kapena ya puloteni ili ndi 4, ndiye dzanja likalemera pothira, thupi limamva msanga. Mtundu wakenso ndi nkhani: mafuta a mbewu, mtedza, mapeyala ndi nsomba ndi abwino ku mtima kuposa mafuta olimba monga batala ndi mafuta a nyama. Oipitsitsa ndi amene amaumitsidwa kufakitale, opezeka m'majarini ena olimba ndi m'zophikaphika za m'mapaketi. Mafuta amene akazingidwira mobwerezabwereza mpaka kuda, atayeni.

N'zoona kuti nyama imayambitsa khansa?

Mu 2015, bungwe la WHO lofufuza za khansa la IARC, limene lili ku Lyon m'dziko la France, linaika nyama yokonzedwa kufakitale, monga soseji, hamu ndi bekoni, m'gulu la zinthu zimene umboni ndi wokwanira kuti zimayambitsa khansa. Nyama yofiira, monga ya ng'ombe, nkhumba ndi mbuzi, linaiika m'gulu la zimene zikuoneka kuti zingayambitse. Anthu anachita mantha poona kuti soseji yalowa gulu limodzi ndi fodya, koma gululo limanena za kulimba kwa umboni, silinena kuti kuopsa kwake n'kofanana. Chiwerengero chimene anapereka n'chakuti magalamu 50 a nyama yokonzedwa tsiku lililonse amakweza chiopsezo cha khansa ya m'matumbo ndi pafupifupi 18 peresenti. Soseji ya apo ndi apo si yoti muzigona nayo mutu. Ya m'mawa uliwonse ndiyo muiganizire.

Ndiyenera kumwa makapu 8 a madzi tsiku lililonse?

Palibe nambala imodzi yokwanira aliyense. Wogwira ntchito padzuwa, woyamwitsa ndi wodwala malungo kapena kutsekula m'mimba amafuna ambiri. Yang'anani mkodzo: ukakhala wachikasu chopepuka muli bwino, ukada onjezani madzi. Okalamba samva ludzu msanga, ndi bwino kumawakumbutsa.

Nanga mavitamini a m'mabotolo ndi tiyi wochapa m'thupi?

Za kuchapa m'thupi, ntchitoyo ili kale ndi eni ake: chiwindi ndi impso, zimene zimagwira usana ndi usiku osalipiritsa. Tiyi wambiri wotere amangotsekula m'mimba kapena kukodzetsa. Sikelo imatsikadi, koma chimene chatuluka ndi madzi, ndipo chimabwerera mukangomwa. Mankhwala ena azitsamba amavulaza chiwindi chomwecho, ena amalimbana ndi mankhwala akuchipatala, choncho uzani dokotala chilichonse chimene mukumwa.

Mavitamini ali ndi malo ake. Mayi amene akufuna kutenga pathupi amalangizidwa kumwa mamaikulogalamu 400 a folic acid, mtundu wa vitamini B, patsiku kuti ateteze msana ndi ubongo wa mwana. Woyembekezera kapena wochepa magazi angapatsidwe ayironi. Amene sadya chilichonse chochokera ku nyama amafunika vitamini B12. Koma kwa munthu amene akudya bwino, botolo silionjezera kanthu kooneka, ndipo nthawi zina limapweteka. Ku Finland anachita kafukufuku pa amuna osuta fodya pafupifupi 29,000, ndipo zotsatira zake mu 1994 zinadabwitsa ofufuzawo: amene ankamwa mapiritsi a beta-carotene, chinthu chimene thupi limachisandutsa vitamini A, anadwala khansa ya m'mapapo kwambiri kuposa amene sankamwa. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Kanthu kena kothandiza ochepa magazi: tiyi ndi khofi amalepheretsa ayironi wa m'nyemba ndi masamba kulowa bwino, pamene zipatso za vitamini C zimamuthandiza. Tiyiyo adikire ola limodzi mukatha kudya.

Ndidziwa bwanji ngati ndanenepa mopitirira, ndipo nditsitse makilogalamu angati?

Kuchipatala amagwiritsa ntchito BMI: kulemera kwanu m'makilogalamu, kugawa ndi kutalika kwanu m'mamita, n'kugawanso ndi kutalika komweko. Kuyambira 18.5 mpaka 24.9 amati zili bwino, kuyambira 25 thupi lakwera, kuyambira 30 ndi kunenepa kumene kumawerengedwa ngati vuto la zaumoyo. Masamu amenewa anachokera kwa katswiri wa ku Belgium, Adolphe Quetelet, m'zaka za m'ma 1830, ndipo iye ankayeza magulu a anthu, sankaunika wodwala. BMI sisiyanitsa minofu ndi mafuta, komanso sinena pamene mafutawo akhala.

Mafuta oopsa ndi a pamimba, amene amakuta chiwindi ndi matumbo. Tengani chingwe, chiyezeni kutalika kwanu konse, chipindeni pakati, ndiye muzungulize mimba cha pamchombo. Chikalephera kukumana, mimba yapitirira theka la kutalika kwanu, ndipo ndi nthawi yochitapo kanthu.

Simufunika kubwerera ku thupi la pa unyamata kuti mupindule. Ku America, kafukufuku wotchedwa Diabetes Prevention Program anatenga anthu amene anatsala pang'ono kudwala shuga. Gulu lina analipatsa cholinga chotsitsa 7 peresenti ya kulemera kwawo ndi kuyenda mphindi 150 pa mlungu, lina analipatsa mankhwala a shuga otchedwa metformin. Zotsatira za mu 2002 zinasonyeza kuti kusintha kadyedwe ndi kuyenda kunachepetsa matendawa ndi 58 peresenti, mankhwala ndi 31 peresenti. Kwa munthu wa makilogalamu 90, 7 peresenti ndi makilogalamu 6 ndi pang'ono.

Kudzimana chakudya mwankhanza kumatsitsa sikelo msanga, koma kumadya minofu, njala imakula, ndipo ambiri thupi limabwerera. Theka la kilogalamu pa mlungu n'lokwanira. Kuthamanga si kufika.

Masewera olimbitsa thupi ndizichita ochuluka bwanji?

Malangizo a WHO a 2020 amati munthu wamkulu azichita mphindi 150 mpaka 300 pa mlungu za masewera apakatikati, kapena mphindi 75 mpaka 150 za masewera amphamvu, kuphatikizapo masiku awiri olimbitsa minofu. Ana a zaka 5 mpaka 17 amafunika ola limodzi patsiku. Apakatikati ndi amene mumatha kulankhula koma simungaimbe; amphamvu ndi amene mumatchula mawu awiri atatu n'kupuma kaye. Mphindi 150 ndi theka la ola masiku asanu, ndipo mukhoza kuzidula: 10 m'mawa, 10 masana, 10 madzulo.

Jimu si lamulo. Umboni woyamba wamphamvu pa nkhaniyi unachokera m'mabasi. Mu 1953, dokotala wa ku Britain, Jeremy Morris, anayerekezera madalaivala ndi makondakitala a mabasi osanjikiza a mu London. Onsewa ankagwira ntchito m'basi imodzi, koma dalaivala ankakhala pampando tsiku lonse pamene kondakitala ankakwera ndi kutsika masitepe kutolera ndalama. Makondakitala ankadwala mtima mochepa kuposa madalaivala. Palibe kondakitala amene ankaganiza kuti akuchita masewera, ankangogwira ntchito. Kuyenda mwandawala, kupalasa njinga, kuvina, kukolopa, kulima kadimba, kusewera ndi ana, zonsezi thupi limaziwerengera.

Amene amapindula kwambiri ndi amene akuchoka pa kusachita kalikonse n'kuyamba pang'ono. Ngati lero mukutha mphindi 10 zokha, zimenezo n'zamtengo kale.

Nanga za kuponda mapazi 10,000 patsiku?

Nambala imeneyi inachokera ku malonda. Mu 1965 kampani ya ku Japan ya Yamasa inatulutsa kachipangizo kowerenga mapazi kotchedwa Manpo-kei, dzina lotanthauza choyezera mapazi 10,000, ndipo nambalayo inakhazikika m'mitu ya anthu. Mu 2019 ofufuza a ku yunivesite ya Harvard ku America anapeza kuti pakati pa amayi achikulire, amene ankaponda mapazi pafupifupi 4,400 patsiku ankamwalira mochepa kuposa amene ankaponda pafupifupi 2,700, ndipo phindulo linkakwera mpaka cha pa 7,500. Ngati 10,000 ikukulimbikitsani, pitirizani. Ngati ikukufooketsani, onani mapazi amene mumaponda panopa n'kuonjezerapo 1,000.

Ndakula, mawondo amapweteka. Si bwino kungopuma?

Kupuma kwambiri n'kumene kumaumitsa mfundo. Munthu akapitirira zaka 30 minofu imayamba kuchepa pang'onopang'ono, ndipo ikafooka, bondo limasenza lokha katundu amene ntchafu inkalithandiza. Kukhala pampando n'kuimirira kakhumi osagwira ndi manja, kukankha khoma, kunyamula mabotolo a madzi, kuimirira ndi mwendo umodzi mutagwira tebulo, zimenezi zimalimbitsa minofu ndi mafupa ndipo zimachepetsa kugwa. Kwa a zaka 65 kupita m'tsogolo, WHO imalangiza masewera ophunzitsa thupi kusadzandira masiku atatu pa mlungu. Amayi amene amaopa kuti kunyamula zitsulo kuwapatsa thupi lachimuna asade nkhawa. Minofu yotero simangobwera, ndipo mafupa awo, makamaka akasiya kusamba, ndiwo amafuna masewerawa kwambiri.

Kuwawa kwa minofu kumene kumabwera tsiku lotsatira n'kutha pa masiku awiri atatu n'kwachibadwa. Koma mukamva kupweteka kapena kuthina pachifuwa, chizungulire, kubanika kosagwirizana ndi zimene mukuchita, kapena mfundo ikatupa, siyani pomwepo mukaonane ndi dokotala.

Ndimagona maola asanu ndipo ndinazolowera. Pali vuto?

Chimene munazolowera ndi kutopa. Munthu wamkulu amafunika maola 7 mpaka 9, achinyamata 8 mpaka 10. Tulo tikachepa, njala imakula ndipo mtima umakokera ku zotsekemera, BP imakwera, kuiwala kumachuluka, ndipo kanthu kakang'ono kamakupsetsani mtima. Ambiri amene akulimbana ndi kadyedwe akanayamba ndi tulo, nkhondoyo ikanapepuka.

Chothandiza kwambiri ndi kudzuka nthawi yofanana tsiku lililonse, ngakhale Loweruka, n'kuona kuwala kwa dzuwa m'mawa. Kafeini wa mu khofi, tiyi ndi zakumwa zopatsa mphamvu amachedwa kutuluka: pakatha maola pafupifupi asanu theka lake limakhala likadali m'magazi, ndiye khofi wa 4 koloko madzulo mumapita naye kukagona. Mowa umagonetsa msanga koma umadula tulo pakati pa usiku. Foni nayo vuto lake lalikulu n'lakuti simatha: uthenga umaitana unzake, kavidiyo kamaitana kanzake. Itchajeni kutali ndi bedi. Mukagona kwa mphindi 20 tulo osabwera, dzukani mukhale pamalo a kuwala kochepa mpaka maso alemere, kusiyana n'kumagubuduka mukuwerenga maola.

Ngati amene mumagona naye akuti mumaliza mkonono kwambiri n'kumasiya kupuma kwa kanthawi, ndipo masana mumangosinza, kayezetseni. Ndi matenda amene ali ndi chithandizo.

Nkhawa za tsiku ndi tsiku ndingazichepetse bwanji?

Nkhawa payokha si mdani. Ndi belu la thupi: mtima umagunda, minofu imakungika, kuti muthane ndi choopsa. Vuto limabwera belulo likamalira osaleka, chifukwa ngongole, ntchito ndi mikangano ya m'banja sizithawika ngati galu wolusa.

Pa nthawi imene mtima wakwera, pumani mokoka mpweya pang'onopang'ono n'kuutulutsa motalikirapo kuposa mmene munaukokera, kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Kutulutsa mpweya mwachifatse kumatsitsa kugunda kwa mtima. Zimene zikuzungulira m'mutu usiku zilembeni papepala, n'kusiyanitsa zimene mungachitepo kanthu mawa ndi zimene sizili m'manja mwanu. Kuyenda panja kumathandiza maganizo mofanana ndi mmene kumathandizira thupi. Ndipo phunzirani kukana. Anthu ambiri otopa ndi amene amavomera chilichonse poopa kukhumudwitsa ena.

Tinenenso zoona: kupuma mozama sikubweza ngongole. Nthawi zina mankhwala a nkhawa ndi kukhala pansi ndi amene mukumuopayo, kaya ndi bwana, wokukongozani kapena mnzanu wa m'banja, n'kukambirana.

Ndingasiyanitse bwanji kukhumudwa wamba ndi matenda ovutika maganizo?

Kukhumudwa wamba kumakhala ndi chifukwa, kumabwera n'kupita, ndipo pakati pake mumatha kuseka. Madokotala amaganizira za matenda ngati kwa milungu iwiri kapena kuposa, pafupifupi tsiku lililonse, munthu ali wachisoni kapena zimene ankakonda sizikumusangalatsanso, pamodzi ndi zina monga kusintha kwa tulo ndi chilakolako cha chakudya, kutopa kosatha, kulephera kuika maganizo pa chinthu, kudziona wachabechabe, kapena kuganiza za imfa. Ena sadandaula za chisoni n'komwe. Amabwera ndi mutu, msana kapena mtima wothamanga, kuyeza konse osapeza kanthu. Amuna ambiri amaonekera pa kupsa mtima ndi kumwa. Amayi amene angobereka kumene nawo amagwidwa, n'kumabisa poopa kunenedwa kuti sakonda mwana.

Anthu mamiliyoni mazanamazana padziko lapansi ali ndi matendawa. Si ulesi, si kuchepa kwa chikhulupiriro, ndipo kuuza munthu kuti angolimba mtima kuli ngati kuuza wothyoka mwendo kuti ayende bwino. Chithandizo chilipo: uphungu wa akatswiri, mankhwala, kapena zonse ziwiri, ndipo masewera amathandizira makamaka matendawo akakhala kuti sanakule. Mankhwala amatenga milungu ingapo kuti ayambe kuoneka ntchito yake, choncho musawasiye pa mlungu woyamba, komanso musawasiye mwadzidzidzi mukayamba kupeza bwino.

Mnzanga wanena kuti moyo watopa nawo. Nditani?

Musazitenge ngati nthabwala. Anthu opitirira 700,000 amadzipha chaka chilichonse, ndipo ambiri amakhala atanenapo kanthu. Mufunseni mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu. Ambiri amapepukidwa kuti wina wamva. Mvetserani, musamudzudzule, musamulalikire, ndipo musalonjeze kusunga chinsinsi. Ngati ali ndi njira imene wakonza, musamusiye yekha, chotsani mankhwala, poizoni, zingwe kapena zida zimene zili pafupi, n'kupita naye kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati amene mukuganiza zimenezi ndinu, uzani munthu mmodzi lero.

Kucheza ndi anthu kukukhudzana bwanji ndi thanzi?

Kuposa mmene ambiri amaganizira. Ku Harvard kuli kafukufuku amene anayamba mu 1938 ndipo watsatira anthu moyo wawo wonse, kenako ana awo. Chimodzi mwa zimene anapeza n'chakuti amene anali okhutira ndi maubale awo ali ndi zaka 50 ndiwo anali athanzi pofika zaka 80. Mu 2023 WHO inakhazikitsa komiti yapadera yoona za kusungulumwa. Anzanu a pa Facebook angakhale 2,000, koma funso n'lakuti ndani amene mungamuimbire 2 koloko usiku. Ubale wotero umamangidwa ndi tinthu wamba: kuimba foni popanda chopempha, kudyera limodzi, kuyenda ndi mnzanu madzulo, kumene kumakupatsaninso mphindi 30 zija.

Amati kapu ya vinyo patsiku ndi yabwino ku mtima. N'zoona?

Maganizowa anachokera ku kafukufuku wakale amene ankayerekezera omwa pang'ono ndi osamwa, koma m'gulu la osamwalo munali anthu amene anasiya mowa chifukwa chodwala, ndiye omwa pang'ono ankaoneka athanzi. Mu January 2023 WHO inanena kuti palibe mlingo wa mowa umene tinganene kuti ndi wosavulaza. Mowa umakhudzana ndi khansa ya m'kamwa, kummero, chiwindi, matumbo ndi bere, ndipo galamu iliyonse ya choledzeretsa cha mu mowa ili ndi makalori 7. Ngati simumwa, musayambe chifukwa cha mtima. Ngati mumamwa, kuchepetsa kulikonse n'kopindulitsa. Koma amene amamwa kwambiri tsiku ndi tsiku, moti akapanda kumwa amanjenjemera, asasiye mwadzidzidzi payekha. Kuteroko kungayambitse kukomoka, ndipo kumafuna achipatala.

Ndikumva bwinobwino. Ndikayezetse chiyani?

BP yokwera simveka. Akuluakulu opitirira 1 biliyoni padziko lapansi ali nayo, ndipo pafupifupi theka sadziwa, mpaka tsiku limene sitiroko kapena impso zawadziwitsa. Ikapezeka pa 140/90 kapena kuposa pa masiku awiri osiyana, imeneyo ndi BP yokwera. Poyezetsa khalani pansi mphindi zisanu kaye, msana utatsamira, mapazi ali pansi, mkono uli pa msinkhu wa mtima, musanamwe khofi kapena kusuta, ndipo musalankhule makina akamayeza. Akakupatsani mankhwala, kumbukirani kuti BP yatsika chifukwa cha mankhwalawo; mukawasiya imakweranso.

Shuga wa m'magazi muyezetse ngati muli ndi zaka 35 kapena kuposa, mimba yakula, kwanu alipo odwala shuga, kapena mukumva ludzu losatha, kukodza pafupipafupi ndi kuwonda popanda chifukwa. Amayi ayezetse khomo la chiberekero kuyambira zaka 30, kapena 25 ngati ali ndi HIV, ndipo chotupa chilichonse cha m'bere chikaonedwe msanga. Mano ndi maso nazo zimafuna kuonedwa zisanayambe kupweteka.

Pali zizindikiro zina zosadikira kuti kuche: nkhope kupotoka mbali imodzi, mkono kapena mwendo kufooka mwadzidzidzi, lilime kulemera, kapena kupweteka pachifuwa kofalikira kumkono kapena kunsagwada. Onani nthawi imene zayamba, chifukwa madokotala adzaifunsa posankha chithandizo, ndipo thamangirani kuchipatala osayamba mwamupatsa wodwalayo chakudya kapena madzi.